Mlulu wa Kuseri kwa Masi

Zimitsani kaye wailesi yakanemayo, ana inu. Limbani, foniyo ika m'thumba, sithawa. Iwe Thoko, mkazi wanga wamng'ono, sendera mbali ino, khutu linali linapuma ntchito kalekale. Mayi anu apita ku Wynberg ndi amayi anzawo a kumpingo, ndipo andisiyira ntchito yoti ndikuuzeni nkhani ina. Akuti pakamwa pawo singatuluke. Ine ndavomera, koma ndiyambira patali, chifukwa ndikaidula pakati mudzayamba kufunafuna wolakwa.

Ndiyambira pa chomera. Inu chilichonse chobiriwira chopanda maluwa mumangoti udzu. Kapinga udzu, bango udzu, ngakhale anyezi wa mayi anu uja Thoko anazula nkumati akupalira. Usabise nkhope, tonse tinaona. Koma chimene chimamera kudambo la kuseri kwa dera lathu lino la Masi, chokhala ndi kaambulera pamwamba, si udzu ayi. Kwathu timati mlulu.

Kwathu ndikunena ku Jali, kufupi ndi dambo la Chilwa, kumene inu munapitako kamodzi nkumadandaula udzudzu. Ndinachokako zaka zochepa mavoti aja atachitika, a kwathu ndi a kuno omwe. Anthu ankati Joni yatseguka, munthu wakuda akuyenda osafunsidwa chiphaso pamsewu. Ndinakwera basi nditanyamula chimanga chokazinga m'kathumba ka shuga, mbatata yootcha, ndi chigubu cha thobwa chimene chinafufuma tisanaoloke mlatho wa ku Tete. Chinaphulika pamiyendo pa mayi wina wa ku Mwanza, ndipo anandinyoza mpaka ku Zimbabwe. Inu mukuseka, poti mumati ulendo ndi kukhala pampando nkumadya tchipisi. Ife tinafika mapazi atatupa ngati maungu. Kuchokera ku Joni kubwera kuno tinadutsa dziko louma lopanda mtengo, nkhosa zokhazokha, mpaka ndinayamba kudzifunsa ngati kumapeto kwake kulidi anthu.

Ntchito ndinaipeza ya m'gadeni ku Noordhoek, kwa mzungu wina wokalamba woweta mahatchi. Zomera za kuno zinandisokoneza. Mitengo yake sindinkaidziwa, maluwa ake olimba ngati opanga ndi manja, ndipo mvula inkagwa nthawi yozizira, pamene kwathu timakhala tikuotha dzuwa nkumatonola chimanga. Tsiku lina ndikupalira m'mbali mwa kapinga ndinagwira kanthu kena, ndipo zala zinakazindikira maso asanaone. Anali dawe. Dawe yemwe uja amatisautsa m'dimba kwathu, wa masamba onyezimira otuluka mbali zitatu, thunthu la ngodya zitatu zakuthwa, ndi timbatata takuda pansi tonunkhira ngati mankhwala. Bwana uja ankadana naye, ankati ndizikumba mpaka kambatata komaliza. Ine ndinkakumba, koma tsiku limenelo ndinakhala pawilibala nkumanunkhiza kambatata kaja nthawi yaitali. Chibwerere ndinali ndisanakumane ndi chinthu cha kwathu.

Agogo anu aakazi, a Nangondo, anandilondola patapita zaka. Bambo anu Yohane tinawasiya kumudzi ndi amalume awo kuti amalize sukulu. Tinkakhala m'chipinda chimodzi cha malata kuseri kwa nyumba ya eni ake, kumtunda kwa Masi kumene kuli misewu. Kuno nyumba zotere amati mkhukhu, mukudziwa kale. A Nangondo kumudzi anali munthu wa phokoso, woyamba kuimba pamaliro ndi paukwati pomwe. Kuno anazima. Chizungu sankachidziwa, Chikhosa ankangomva ngati anthu akuswa mtedza m'kamwa, ntchito yochapa kwa azungu inkapezeka ya apo ndi apo. Ndikaweruka ndinkawapeza atakhala pabedi, manja ali pamiyendo, chitseko chotseka. Ndinayamba kuganiza zowabweza kumudzi.

Lamulungu lina tikuchokera kopemphera anati tidzere njira yakumunsi. Tinadutsa mikhukhu yomalizira, kumene msewu umathera ndipo anthu amayenda pamatabwa. Mwadzidzidzi anandisiya nkulowa m'thengo, nsapato za kutchalitchi zili kuphazi. Anabwerako atagwira timitengo tobiriwira, nkhope ili ngwee, ngati mtsikana uja ndinakamufunsira ku Jali.

"Tsekani maso, bambo a Yohane."

"Nditseke maso pamsewu, anthu akuona?"

"Tsekani. Gwirani ichi. Nchiyani?"

Ndinapapasa. Chinali ndi mfundo zotalikirana, ndipo nditafinya chinaphwanyika, m'kati muli bowo. Ndinati bango.

"Nanga ichi?"

Tsamba lalitali lophwatalala, lofewa ngati lonenepa. Ndinati njedza, ija imabereka ngala yofiirira yonga ya mchewere.

"Chabwino. Tsono ichi."

Ndinayendetsa zala kuchokera pansi mpaka pamwamba osapeza mfundo ngakhale imodzi, osapezanso tsamba. Chinali chosalala, chozizira. Nditafinya sichinaphwanyike, chinangobonyoka pang'ono nkubwerera. Ndinatsegula maso osauzidwa.

"Mlulu," ndinatero. "Koma wafika bwanji kuno?"

"Mwina unakwera basi ngati inu," anatero a Nangondo. Aka kanali koyamba kuwamva akuseka m'dziko lino.

Tsono mvetserani bwino, chifukwa zimene anandionetsa tsiku limenelo ndi zimene ndikufuna zikhale m'mitu mwanu. Mlulu sumera umodziumodzi. Umamera chitsamba chothithikana, mapesi ambiri kuchokera pa phata limodzi, ena ofika m'chiuno, ena opitirira munthu wamtali. Phesi lake lilibe mfundo ndipo lilibe masamba m'mbali. Masamba ake enieni ndi timakoko tofiirira tokuta kumunsi kwenikweni, pafupi ndi dothi, ngati sokosi. Zimene inu mungati masamba, zija zimatambasuka pamwamba ngati nthiti za ambulera, ndi zotchinjiriza maluwa. Ukazisisita kuchokera kunsonga kubwerera m'mbuyo zimakanda chala. Maluwa ake ali pakati pa ambulerayo, tingala ting'onoting'ono tosaoneka bwino, tobiriwira poyamba kenako tofiirira ngati mpunga wopsa ndi dzuwa. Njuchi sizitilabadira, mungu wake umayenda ndi mphepo. Ukathyola phesi, m'kati mwake ndi modzaza, moyera, mofewa ngati siponji. Udzu weniweni uli ndi mfundo ndipo kawirikawiri m'kati mumakhala mphako. Mlulu ndi dawe ndi pachibale, ndipo mtundu wawo umadziwika ndi ngodya zitatu. Koma wa kunowu ngodya zake ndi zobisika. Umaoneka wobulungira, ndipo umazimva pang'ono chabe ukaupotokola pakati pa zala chakumtunda, pafupi ndi ambulera. A Nangondo ankati ndi mlulu waulemu, wosafuna kuonetsa zigongono.

Musausokoneze ndi zija za m'phiri zimene azungu amafolera nyumba. Zimenezo nazonso zilibe masamba, koma zili ndi timakoko tofiirira motalikirana thunthu lonse, zilibe ambulera, ndipo ndi zouma gwa. Ine ndinawatengerako mtolo kuchokera kuntchito ndikuyesa ndachita zanzeru. Anangouyang'ana nkusesera pakhomo.

Chinthu chachikulu chili pansi. Mlulu uli ndi muzu wokwawa, wolimba ngati chingwe cha ng'ombe, woyenda cham'mbali m'matope nkumatulutsa mapesi atsopano. Ungaudule, ungautenthe, muzuwo umakhala ulipo. Ndipo sumera pouma. Pamene pali mlulu, madzi amakhalapo, kaya ukuwaona kaya sukuwaona.

Kuyambira pamenepo agogo anu anadzuka. Ndinawasulira singano yaitali ya waya wa mpanda, ndinawagulira chikwakwa ndi jombo. Ankadula mapesi okhwima okha, obiriwira kwambiri, kusadza ambulera, nkuyanika padenga la malata mpaka asanduke otuwa ngati udzu wa m'chilimwe. Asanasoke ankawaza madzi kuti afewe. Masiku ano mumagona pa matiresi a siponji amene amanunkha akanyowa. Mphasa ya mlulu imapuma. Kukatentha imazizira, kukazizira siiluma msana, ndipo fungo lake ndi la dambo m'mawa.

Kudambo komweko anapezako mnzawo. Tsiku lina akudula anamva mayi wina akukuwa kumbuyo kwawo, akugwedeza manja. Iwo anayesa akuthamangitsidwa, poti masiku amenewo mlendo ankayenda makutu ali tcheru. Anataya chikwakwa. Mayi uja anabwera, anatola chikwakwacho, nkuwakokera patsogolo pang'ono. Ankawaonetsa kuti pamene ankadulapo pamatsikira madzi a m'zimbudzi, ndipo wabwino uli kutsidya. Kenako anagwira phesi limodzi nkunena kuti, "Imizi."

A Nangondo anati, "Mlulu."

"Imizi!"

"Mlulu, mayi."

Anaseka onse awiri. Ameneyo anali Mama Nokhaya, wochokera kumidzi ya ku Eastern Cape. Iye sankasoka ndi singano ngati ife. Ankaika phesi pathabwa nkumalimanga ndi zingwe zolendewera, kunsonga kwake atamangirira mabatire akutha a tochi kuti zilemere, nkumaziponya uku ndi uku. Ankakhala pakhomo pathu masana onse, wina ndi singano, wina ndi mabatire ake gobede gobede, aliyense akuyankhula chinenero chake. Ndikafunsa kuti mumamvana bwanji, agogo anu ankati, "Nanga inu ndi mahatchi a bwana wanu mumamvana bwanji?"

Zaka zimenezo zinali zabwino. Ndazitchula kuti mudziwe kuti chomera chimenechi chinayamba chatipatsa moyo.

Kenako bambo anu anabwera, atakwatira kale mayi anu a Esinati, ali oyembekezera. Limbani, usawerenge zala, sunali iwe. Ndi zimene ndakukhazikirani pansi.

Chipinda chathu chinali chimodzi, ndipo mukudziwa kuti mwana wamwamuna ndi mkazi wake sagona chipinda chimodzi ndi makolo. Masabata oyamba ine ndi Yohane tinkagona kwa mnzanga, akazi okhaokha kunyumba. Kumtunda malo kunalibe, paliponse pamene pakanakwana bedi panali kale munthu. Tsiku lina Yohane anabwera akumwetulira, akuti wapeza malo kumunsi, kumene anthu anayamba kumanga chakudambo. Unali mwezi wa Febuluwale, mphepo ija ya chilimwe ikuomba mchenga m'maso, nthaka ili gwa.

Tinapita kukaona tonse. Malowo anali osalala, atathiridwa zigumu za njerwa ndi mchenga, oyandikana nawo atamanga kale, ana akusewera, zovala zili pachingwe. Ine ndinaona kuti ndi pabwino. A Nangondo anayenda mpaka kumalire, anagwada, nkuyamba kufukula ndi manja. Anatulutsa zitsa zodulidwa, kenako anakoka muzu wautali wakuda umene unkalowera pansi pa malo onsewo. Chapafupi panali chitsamba chimene sichinadulidwe. Anatiitana nkutionetsa mapesi akale ouma, mmene matope anasiyira mzere wotuwa, pafupifupi pa bondo.

"Yohane, mwanawe, apa si pamtunda. Madzi amafika apa."

"Amayi, anthu athirapo dothi. Taonani anzathuwa akukhala."

"Amanga liti?"

"Chilimwe chomwechi."

"Ndiye sanaione mvula ya kuno. Madzi a pano sachokera kumwamba kokha, amatumphuka pansi. Muzu uwu sukanakhala moyo pakanakhala pouma."

Yohane anayang'ana mkazi wake amene anali atatsamira mpanda, dzanja lili pamsana. Kenako anayankhula motsitsa mawu.

"Ndamva, amayi. Tsono ndiuzeni, ndikamange kuti? Mwanayu akabadwire kuti?"

Ine ndinayang'ana kuphiri. Mpaka lero ndikaliganiza funso limenelo sindilipeza yankho lake.

Tinachita zimene tikanatha. Ndinabwereka wilibala kuntchito, tinatuta zigumu madzulo aliwonse, tinakweza pansi, tinayala mapaleti osanjikirapo katundu aja, pamwamba pake matabwa ndi kapeti yakale imene madamu a kuntchito kwanga anataya. A Nangondo ankatuta nawo pamutu ndi ndowa, osanenanso kanthu za madzi. Mkhukhu unaoneka bwino. Mayi anu anapachika makatani a maluwa achikasu.

Mwana anabadwa mu Epulo, wamkazi. Anamutcha Alinafe. Anali ndi tsitsi lambiri ngati lako, Thoko, ndi kachizolowezi kogona dzanja limodzi lili m'mwamba ngati akufuna kuyankha funso m'kalasi. Ameneyo ndiye woyamba kubadwa m'nyumba mwanu. Limbani, iwe ndiwe wachiwiri.

Mvula inayamba mu Juni. Mukuidziwa mvula ya kuno, si ya mabingu yogwa nkusiya ngati ya kwathu. Imakhala ngati chiperoni chokwiya, masiku otsatizana, yopingasa ndi mphepo. Poyamba pansi pa mkhukhu pankangomveka chinyontho. Kenako makoma anayamba kuchita thukuta, zofunda kulemera, nkhungu kumera kuseri kwa bedi. M'mawa wina mu Julaye Yohane anatsitsa phazi pabedi nkuponda m'madzi. Sanalowere pakhomo, anatulukira m'mipata ya matabwa, akuda, onunkha. Pofika ife nkuti ali m'akakolo, mapoto akuyandama. Kunja, m'mbali mwa khoma, timapesi tobiriwira tinali titaboola zigumu zathu zija, tina titatambasula kale tiambulera.

Tinawatenga mayi anu ndi khanda kupita nawo kuchipinda chathu chakumtunda, ine nkubwerera kwa mnzanga uja. Koma chifuwa chinali chitalowa kale. Alinafe ankapuma mothamanga, nthiti zikulowa m'kati, kuyamwa osafuna. Tinathamangira naye kukiliniki, a kukiliniki anatitumiza kuchipatala chachikulu. Anati ndi chibayo. Madokotala ndi manesi anayesetsa, zimenezo ndinaona ndi maso anga. Anagonekedwa masiku angapo ali ndi timapaipi m'mphuno. Anatisiya m'mawa wina dzuwa litatuluka bwino, tsiku loyamba lopanda mvula.

Thoko, tenga kansalu aka. Lira, palibe choletsa. Ndi mkulu wako.

Kunyamula maliro kupita nawo kumudzi sitikanatha, choncho tinaika konkuno. Anthu a kwathu anabwera ambiri, a kumpoto, a pakati, a kummwera, ena osawadziwa nkomwe. Mama Nokhaya anabwera ndi amayi a mpingo wake atavala mabulangete, anaimba nyimbo zawo, ife zathu. Tisanatseke kabokosi, agogo anu anatulutsa kamphasa kakang'ono kamene anasokera mwanayo asanabadwe, kosalala, ka mapesi osankhidwa. Ankafuna kuyala m'kati monga timachitira kwathu, kuti asagone pa thabwa.

Mayi anu anali asanayankhule chichokere kuchipatala. Ataona kamphasako anaimirira.

"Chotsani chimenecho."

Mayi anu anabwereza.

"Chotsani, amayi. Musamugoneke pa chinthu chimenecho. Munadziwa. Inu ndi udzu wanuwo munadziwa, ndipo munatithandiza kumanga."

Mkamwana sayankhula choncho kwa apongozi ake, pagulu. Amayi ena anathamanga kuti amukhazike pansi. A Nangondo anakweza dzanja kuwaletsa. Anapinda kamphasa kaja, anakaika m'kati mwa chitenje chawo, nkubwerera pamalo pawo. Mwana anagona pa shawelo ya mayi ake.

Kuchokera tsiku limenelo agogo anu sanapitenso kudambo. Singano anapatsa Mama Nokhaya, chikwakwa chinachita dzimbiri padenga. Mama Nokhaya ankabwerabe ndi thabwa lake, kuyesa kuwaika phesi m'manja, iwo nkumangopukusa mutu. Patapita zaka Mama Nokhaya anabwerera kwawo ku Eastern Cape, ndipo sitinamvenso za iye.

Musaganize kuti panali udani. Bambo anu anapeza ntchito ya m'maboti ku Hout Bay, anapeza chipinda chouma, inu munabadwa. Agogo anu ndiwo anakusambitsani nonse awiri madzi oyamba. Mayi anu ankawagwadira, kuwapatsa madzi osamba, kuwagulira chitenje pa Khirisimasi. Koma ankayankhulana ngati anthu oyenda m'mbali ziwiri za ngalande, aliyense kusamala phazi lake. Dzina la Alinafe silinkatchulidwa. Bambo anu mpaka lero mvula ya Julaye ikayamba amasowa tulo, mumawaona amangoyendayenda nkumagwira makoma. Tsopano mwadziwa chifukwa chake.

Matenda a shuga atawagwetsa agogo anu, amene anawasamala ndi mayi anu. Limbani ukukumbukira, unali utayamba sukulu. Anasiya ntchito masiku ena, ankawatembenuza, kuwasambitsa, kuwadyetsa phala ndi sipuni. Ine ndinkayembekeza kuti tsiku lina ndidzawapeza akukambirana za kale zija. Sizinachitike. A Nangondo anatisiya mu Januwale, kukutentha.

Iwo tinagwirizana kuti apite kumudzi. Kukonza mapepala ndi galimoto kunatenga masabata, thupi lili kumalo osungira. M'masiku odikira amenewo, tsiku lina chakumasana ndinali nditakhala pakhomo ndekha. Ndinaona mayi anu akubwera ndi mtolo pamutu, miyendo ili matope mpaka m'maondo, mikono yokandikakandika. Anatula mtolowo patsogolo panga, anabwerera m'mbuyo nkugwada chapatali monga amachitira.

"Bambo, ndisankhireni. Ine sindiudziwa bwino."

Ndinamasula mtolo. Munali zosakanikirana, bango, njedza, maudzu ena, mlulu wanthete ndi wokhwima womwe. Anangodula chilichonse chobiriwira chimene anachipeza. Munthu amene kwa zaka zonsezo ankazungulira njira yaitali kuti asaone dambo limenelo analowamo yekha.

Ndinati, "Senderani pafupi, mayi a Limbani. Zimenezi sasankha ndi maso."

Anasendera. Ndinkawapatsa limodzilimodzi. Ili lili ndi mfundo, tayani uko. Ili ndi lophwatalala, tayani. Ili losalala, finyani, mwamva mmene likubwerera? Limenelo sungani. Ili ndi lanthete, likauma lidzanyala. Tinasankha mpaka mulu wabwino unatsala wochepa, ndipo anapitanso m'mawa mwake, nkubwera ndi mlulu wokhawokha.

Tikuyanika padenga anandifunsa, osandiyang'ana.

"Bambo, kodi amayi anandikhululukira?"

Ndinawauza zimene agogo anu anandiuza kalekale, maliro a mwana atangotha. Ine ndinali nditakwiya, ndikuti tiitane akuluakulu a mpingo akambe nkhaniyi. Iwo anati, "Musiyeni mwana uja. Wanena zoona, ndinadziwa. Ndipo akapanda kukwiyira ine akwiyira mwamuna wake, banja litha. Ine ndikhoza kusenza."

Mayi anu anakhala pansi pomwepo, padothi, nkulira kulira kumene sanalire pamaliro a mwana wawo. Ine mpongozi sindikanawagwira. Ndinangoima pafupi nkumatembenuza mapesi padenga mpaka anamaliza.

Mphasayo anasoka okha, ine ndikungolozera. Ndinasula singano ina. Inawabaya zala kangapo, mizere inakhota, mbali imodzi inatalika kuposa inzake. Agogo anu akanaiona akanaimasula yonse nkuyambiranso, ndikuwadziwa. Koma ndi imene anagonapo ulendo wonse wobwerera ku Jali, ndipo ndi imene anaikidwa nayo. Kamphasa kakang'ono kaja tinakapeza pansi pa sutikesi yawo, katakulungidwa m'chitenje. Mayi anu anakatenga. Kumene amakasunga sindinawafunse.

Tsono iwe Limbani. Mayi ako amva kuti iwe ndi anzako mukumayendera malo kumunsi kuja, akuti ukufuna kako kakhomo poti wayamba maganyu. Usayang'ane pansi, si mlandu. Mnyamata akakula amafuna chitseko chake, ndipo kumtunda kuno malo kulibe, monga kunalibe nthawi ya bambo ako. Sindikuletsa, poti ndilibe malo ena oti ndikupatse. Ndikungoti usapite wekha, ndipo usapite ndi maso okha. Unditenge ine miyendo ikadali kuyenda, tikagwade, tikafukule. Tikakapeza muzu uja, udzasankha uli wodziwa, ndipo udzadziwanso mwezi woyenera kusamutsa ana ako madzi asanabwere. Ife tinadikira mpaka tinawaponda.

Loweruka likubwerali mayi anu akupita kumanda. Amapitako chaka chilichonse, inu mumayesa apita kumsika. Ulendo uno akufuna mupite nawo. Ndi kutali, mukwera matekisi awiri, ndipo ndi pamchenga popanda mthunzi, ndiye mutenge madzi ndi zipewa. Akakafika nkukhala chete, musawafunse mafunso, mungokhala nawo pafupi. Koma akakuuzani kuti mupereke moni, musakachite manyazi. Mukanene maina anu, ndi kumutchula iye dzina lake bwinobwino.

Tayesani pano ndimve. Ayi Thoko, osati mwachizungu choncho, ngati ukuitana mnzako wa kusukulu. Pang'onopang'ono, A-li-na-fe.

Eya. Wamva ameneyo.